Wagonjetsa kapena wapondereza?

Flames itachinya Algeria 3-0 ku Angola mu 2010, palibe ananena kuti Algeria yaponderezedwa. Tonse tinati yagonja. Inalowa m'bwalo mwa kufuna kwake, inapatsidwa mphindi 90 zofanana ndi zathu, ndipo inali ndi mwayi wodzabwezera tsiku lina. N'chimodzimodzinso mu 1994 pomwe Bakili Muluzi anagonjetsa Kamuzu Banda pa chisankho. Ngwazi inavomera pa wailesi, n'kutsika pampando.

Kupondereza n'kwina. Kumachokera ku kuponda, koma phazi lake silinyamuka. Mukadutsa m'makwalala a ku Ndirande kapena ku Mtandire, kwezani maso muone madenga. Pamalata pamakhala njerwa, miyala, pena thayala lakutha, zonse zopondereza denga kuti mphepo isalisasule. Lata silinalimbane ndi mwala. Langoikidwa pansi pake, ndipo likhala momwemo mpaka litachita dzimbiri.

Umu ndi mmene anakhalira makolo athu m'minda ya azungu ku Magomero ndi ku Thyolo m'nthawi ya thangata. Munthu ankasiya munda wake mvula itagwa, kukalima wa mwini esiteti kuti alipire malo amene wamangapo nyumba. John Chilembwe atadzuka mu 1915, boma la atsamunda linamugonjetsa ndi mfuti m'masiku ochepa. Koma kupondereza kunali kutayamba kale iye asanadzuke, ndipo kunapitirira zaka zambiri iye atafa. Achikulire akukumbukiranso nthawi ya Kamuzu, mayi akubwezedwa pachipata cha msika, dengu lili pamutu, chifukwa alibe khadi ya chipani.

Chimene chimandipweteka n'chakuti masiku ano woponderezayo timamubwereka mawu aulemu. Mwamuna akamenya mkazi mpaka kusiya kuyankha, anzake pabawo amati wamugonjetsa. Achibale akatuta mipando, malata ndi mbuzi za mayi wamasiye maliro asanazizire, amanyadira kuti mlandu apambana. Mlandu wake uti? Mayiyo sanapatsidwe mpata woyankhula, anali ali pamphasa akulira. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaletsa kulanda koteroko, koma ambiri mwa amayiwa sadziwa n'komwe kuti lilipo.

Nanga wa katapila amene wasunga khadi ya kubanki ya mphunzitsi, n'kumakatapa yekha malipiro mwezi ukatha, wagonjetsa ndani? Atolankhani anzanga, nkhani zoterezi zikafika padesiki, tisazilembe ngati panali mpikisano.