Asilikali osachoka pachipata

Mtima umandiwawa ndikamva ogulitsa mabotolo a zitsamba m'madepoti akukuwa kuti mankhwala awo amatsuka magazi n'kukweza chitetezo. Ndalama za anthu osauka zikuthera pamenepo, ndipo chimene chimawagulitsira malonda n'chakuti tonse tinazolowera kuganiza kuti asilikali a m'thupi amangoyandama m'magazi basi. Koma kodi vairasi ya chimfine imayambira m'magazi? Imalowera m'mphuno ndi m'mapapo. Ina imalowera pakhungu, m'matumbo kapena kumaliseche. Nkhondo imayambira kumeneko.

Mu 2001, David Masopust ndi Leo Lefrançois ku America anapeza kuti mbewa ikachira ku vairasi, maselo ambiri a chitetezo otchedwa T, okumbukira mdaniyo, amapezeka m'mapapo, m'chiwindi ndi m'matumbo. Mu 2009, gulu la Thomas Gebhardt ndi Frank Carbone ku Melbourne, pofufuza vairasi ya herpes, linaonetsa kuti ena mwa maselowa amakhazikika pakhungu pamene panali chilonda ndipo sabwereranso m'magazi. Akatswiri amawatcha tissue-resident memory T cells. Ali ndi puloteni ya CD69 imene imawaletsa kutuluka m'chiwalo, ndipo ambiri alinso ndi CD103 imene imawamatirira ku maselo a pamalopo.

Mlonda wogona pachipata ndi wapolisi wochita kuitanidwa kuchokera kuboma safanana. Maselo okumbukira amene ali mu anabere amayenera kumva kaye uthenga, achulukane, kenako ayende, ndipo pamapita masiku. Wokhazikika uja akangoona vairasi yomwe ija amapha selo logwidwa, n'kutulutsa puloteni ya interferon gamma yochenjeza maselo oyandikana nawo ndi kuitana anzake a m'magazi. Nthawi zina matenda amazimiratu mwini thupi asanamve n'komwe kuphwanya. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Mwambi umenewu ndimaukonda, ndipo apa wagwera pake penipeni.

Tayang'anani paphewa pa agogo anu. Chipsera cha katemera wa nthomba chinabwera chifukwa ankachita kubaya-baya khungu pamwamba, osati kulowetsa jakisoni mumnofu. Mu 2010 ofufuza a ku Boston anayesa njirazi pa mbewa, ndipo kukanda khungu kunateteza bwino kuposa jakisoni wa mumnofu, chifukwa kunasiya maselo a T ambiri pakhungupo. Nthomba inalengezedwa kuti yatha padziko lonse mu 1980, anthu asanawadziwe n'komwe maselo amenewa.

Vuto lili m'mapapo. Pakhungu maselowa amakhalitsa, koma m'mapapo a mbewa zochira ku fuluwenza amayamba kuchepa pakangotha miyezi. Ndipo si nthawi zonse pamene amatichitira zabwino: nthenda za pakhungu monga psoriasis ndi vitiligo zimabwerera pamalo omwe aja chifukwa cha maselo okumbukira amene anatsalira pomwepo.

Tsono dandaulo langa lakale ndi ili. Katemera wa jakisoni wapulumutsa anthu osawerengeka ku imfa, ndipo aliyense akabayitse, pamenepo sindikunyengerera. Koma jakisoni wa paphewa sasiya alonda ambiri m'mphuno, n'chimodzi mwa zifukwa zimene munthu wobayitsa katemera wa Covid-19 amathabe kudwala pang'ono n'kupatsira ena. India inavomereza katemera wa Covid-19 wodonthezera m'mphuno mu 2022. Ife amene tinaona azaumoyo akuyenda khomo ndi khomo kudonthezera ana katemera wa poliyo m'kamwa chaka chomwecho, matendawa atapezeka ku Lilongwe, tikudziwa kuti katemera wopanda singano amafika msanga kumudzi ndipo amayi samuopa. Mayiko ndi mabungwe amene amalipirira kafukufuku aike ndalama zokwanira pa katemera wa m'mphuno wa fuluwenza ndi matenda ena a m'mapapo, ndipo akapezeka wodalirika, asatigulitse pa mtengo umene zipatala zathu sizingaufikire.