Ku Zanzibar musangopitira mchenga

Masiku ano dzina la Zanzibar lili pakamwa pa Amalawi ambiri. Amene angomanga kumene banja amafuna kukapumula kumeneko, ndipo amalonda okapikula katundu ku Kariakoo amadziwa kuti kuchoka pa doko la Dar es Salaam ndi ulendo wa maola awiri okha pa boti. Chimene chimandiwawa ndi chakuti ambiri akatsika botilo amakwera galimoto nthawi yomweyo kulunjika ku mahotela a ku Nungwi kapena ku Paje, n'kubwerako ndi zithunzi za mchenga basi. Mchenga woyera tili nawo ku Chintheche ndi ku Mangochi. Chimene kwathu kulibe ndi tauni yakale ija imene amaidutsa mothamanga.

Stone Town ndi malo oyenda wapansi, chifukwa tinjira take tambiri n'topapatiza moti galimoto silingalowe. Nyumba zake anazimanga ndi miyala ya m'nyanja ndi laimu, ndipo zitseko zake n'zamatabwa olemera, zosemedwa mwaluso, zina zokhomedwa zitsulo zamkuwa. Bungwe la UNESCO linaika tauniyi pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2000. Pafupi ndi nyanja pali linga la Ngome Kongwe limene Aluya a ku Oman anamanga atathamangitsa Apwitikizi, ndipo pambali pake pali Beit al-Ajaib, nyumba imene Sultan Barghash anamanga mu 1883, yoyamba kukhala ndi magetsi pachilumbapo. Mbali ina ya nyumbayi inagwa mu Disembala 2020, chizindikiro chakuti zinthu zoterezi sizidikira munthu mpaka kalekale.

Koma funso loyenera kudzifunsa Mmalawi ndi lakuti chuma chomangira zonsezi chinachokera kuti. Seyyid Said, mfumu ya Aluya a ku Oman, atasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kubwera ku Zanzibar, tauniyi inalemera ndi minda ya karafuu, minyanga ya njovu ndi akapolo. Ambiri mwa akapolowo anali a kuno kwathu. Ku Nkhotakota, Jumbe ankawalonga m'zombo kuwaolotsa nyanja, kenako ankayenda pansi miyezi ingapo mpaka ku Kilwa, ndipo amene ankapulumuka panjira ankakathera pamsika wa ku Zanzibar.

Msikawo unali ku Mkunazini, ndipo unatsekedwa mu 1873. Chaka chomwecho amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anayamba kumanga tchalitchi cha Christ Church pamalo omwewo, ntchito imene Bishopu Edward Steere anaitsogolera, ndipo manda ake ali kuseri kwa guwa. Kunja kuli dzenje mmene muli ziboliboli zisanu za anthu omangidwa unyolo m'khosi. M'kati mwa tchalitchi muli mtanda waung'ono wopangidwa ndi thabwa la mtengo wa ku Chitambo, ku Zambia, umene pansi pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone. Wa Anglican aliyense wa ku Likoma akalowa m'menemo ayenera kudziwa kuti mpingo wake unadzera pamenepo: amishoni amene anakhazikika pa Likoma mu 1885 anali a UMCA yomweyo, ndipo aphunzitsi ena amene anabwera nawo anali akapolo omasulidwa amene anaphunzira ku Kiungani, m'tauni momwemo. Malo amenewa si ojambulirapo chithunzi n'kuthamangira kwina. Pamafunika kukhala pansi ndi kuwerenga zonse zimene analemba m'chipinda chachionetsero chimene chili pamalopo.

Kutseka msika sikunathetse malondawo. Kumpoto kwa tauniyi, ku Mangapwani, kuli chipinda chokumbidwa m'thanthwe pafupi ndi gombe, chimene amati amalonda ankabisamo anthu lamulo litaletsa kale. Alendo opitako ndi ochepa, ngakhale kuti msewu wopita ku Nungwi sudutsa patali.

Sindikunena kuti tchuthi chonse chikhale maliro. Madzulo pitani ku Forodhani mukadye urojo ndi nsomba zootcha, mumwe madzi a nzimbe ofinyidwa inu mukuona, anyamata akudumphira m'nyanja kuchokera pakhoma. Kummwera kwa chilumbachi kuli Kizimkazi, kumene ambiri amapitira kukaona ma dolphin, osadziwa kuti pamudzi pomwepo pali mzikiti wokhala ndi zolembedwa za m'chaka cha 1107, umodzi mwa mizikiti yakale kwambiri kugombe lonse la kummawa kwa Africa. Ngakhale ku Nungwi komweko, mukangochoka pa mpanda wa hotela mupeza amisiri akukhoma zombo zamatanga ndi manja, monga ankachitira makolo awo.

Anthu ambiri a pachilumbachi ndi Asilamu, choncho zovala zosambira zisiyeni kugombe. M'tauni valani zofika m'mawondo ndi zophimba mapewa, ndipo m'mwezi wa Ramadan musadyere pamsewu masana. Pezani wokuperekezani wovomerezeka, mugwirizane mtengo musananyamuke, ndipo mumuuze kuti mwachokera ku Malawi kuti akufotokozereni za anthu a kunyanja kwathu amene anafika kumeneko.

Ngati mwakonza masiku asanu, awiri apatseni Stone Town, ndipo ngati muli ndi ana, musawasiye ku hotela tsiku lopita ku Mkunazini.