Za Agogo Oiwala

Abale a ku Uraha, agogo akayamba kuiwala maina a ana awo, kapena akapezeka mbandakucha pakhomo pa eni atasokera, tisafulumire kunena kuti agwa m'lichero la ufiti. Kawirikawiri imeneyo ndi nthenda ya ubongo, imene mtundu wake wofala adaulongosola dokotala Alois Alzheimer m'chaka cha 1906. Ndiponso lamulo la 1911 liletsa kutchula munthu mfiti.

Mankhwala ochiziratu palibe, komabe tipite nawo ku chipatala cha Karonga, kapena ku St John of God ku Mzuzu, akawaone.

Tsono taonani mwana wamkazi amene awasambitsa, nawadyetsa, nagona khutu lili kuchitseko. Chinangwa chake chalowa thengo, ndipo sadandaula, poopa kunenedwa. Timulandire: wina agonere agogowo usiku umodzi, wina akamupalirire munda.