Luso lilipo koma pepala palibe: kodi lamulo lozindikila maphunzilo akale lafika ku Katete, Sinda ndi Vubwi?

Malamulo a dziko la Zambia amalola munthu amene anaphunzila luso pa nchito kuyesedwa ndi kupatsidwa satifiketi popanda kuyambilanso sukulu. Amalolanso wophunzila kusamuka pa koleji ina kupita pa ina atatenga zimene anakhoza kale. Koma kwa mmisili wa ku Sinda kapena mphunzitsi wa ku Vubwi, phindu la malamulowa lidalila pa zinthu zitatu: kumene mayeso acitikila, ndalama zolipila, ndi cigamulo ca koleji yomulandila.

Zimene lamulo linena

Mu 1998 nyumba ya malamulo inakhazikitsa bungwe la TEVETA kuti liziyang'anila maphunzilo a nchito zamanja. Mu 2011 kunabwela lamulo lokhazikitsa bungwe la Zambia Qualifications Authority, lodziwika kuti ZAQA, ndipo lamulolo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024. Bungwe la Higher Education Authority, loyang'anila mayunivesiti, linacokela m'lamulo la 2013.

ZAQA inaika mapepala onse a maphunzilo pa makwelelo khumi. Dipuloma ili pa sitepe 6, digili yoyamba pa sitepe 7, ndipo digili ya udokotala pa sitepe 10. Maphunzilo amapimidwa ndi makilediti. Kilediti imodzi imaimila maola 10 amene wophunzila amathela m'kalasi, powelenga ndi poyeselela nchito, ndipo caka cathunthu ca ku koleji cimakhala makilediti 120.

Colinga ca muyeso umenewu n'cakuti zimene munthu waphunzila zikhale cuma cake, cimene angacoke naco pa sukulu imodzi n'kukacionetsa pa ina. Mwana wa ng'ona sakulila dziwe limodzi, ndipo wophunzila amene ndalama zam'thela caka caciwili, kapena amene wasamutsidwa pa nchito, sayenela kutaya zaka zimene anavutikila.

Amisili ndi ndalama za CDF

Nkhaniyi inakula kuyambila mu 2022, pamene boma linakweza thumba la citukuko ca m'madela a aphungu, la CDF, kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dela lililonse. Mu 2025 ndalamazo zinafika pa K36.1 miliyoni. M'caka cimeneco maboma atatuwa anali ndi madela asanu: Mkaika ndi Milanzi ku Katete, Sinda ndi Kapoche ku Sinda, ndi dela la Vubwi. Kuwelengela pamodzi, gawo lao linaposa K180 miliyoni m'caka cimodzi.

Mbali yaikulu ya ndalamazi imapita ku zomangamanga: zipinda zophunzililamo, zipatala zazing'ono, nyumba za anchito a boma ndi madesiki. Maphunzilo aulele atayamba mu 2022 ana anaculuka m'masukulu, ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analamula kuti pofika kumapeto kwa 2023 pasakhale mwana wokhala pansi m'kalasi. Boma linanenetsa kuti nchitozi zizipatsidwa kwa anthu a m'madela omwewo.

Apa m'pamene pepala limalekanitsa anthu. Kampani yofuna nchito yomanga ya boma iyenela kulembetsa ku National Council for Construction, ndipo polembetsa imafunsidwa kuonetsa anchito okhala ndi mapepala a luso. Womanga amene anaphunzila kwa atsibweni ake ndipo wamanga nyumba zambili m'mbali mwa msewu wa Great East akhoza kudziwa nchito kuposa mnyamata wongomaliza kumene kosi. Komabe, popanda satifiketi, iye amakhala waganyu wa kontilakita wocokela kutali. Kontilakita amatenga phindu, mmisili amalandila ya tsiku.

TEVETA ili ndi njila yothetsela vutoli. Kalipentala, womanga, telala, makanika kapena wowochelela zitsulo angalembetse mayeso a luso, amene ambili amawadziwa kuti trade test. Oyesa amaona mmene agwilila nchito ndi manja ake, ndipo akakhoza amalandila satifiketi yovomelezeka m'dziko lonse. Sipafunika kuti akhale zaka m'kalasi kuphunzila cimene acidziwa kale.

Cobvuta ndi mtunda ndi mtengo. Mayeso amacitikila pa malo ovomelezeka okhala ndi zipangizo, monga Chipata Trades Training Institute. Kucoka ku Katete kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 90, ndipo wa ku Sinda amayenda ulendo wotalikilapo. Pa ndalama ya mayeso pamaonjezeka ya basi, ya malo ogona, ya cakudya, ndi masiku amene mmisili wasiya nchito ndi munda. Mayeso akagwa m'nyengo yolima kapena yokolola, ambili amasankha munda.

Thumba la CDF lili ndi gawo lolipilila acinyamata maphunzilo a luso. Gawo limeneli lathandiza oyamba kumene, koma mmisili wa zaka 45 safuna kosi ya caka cathunthu. Cimene afuna ndi masiku ocepa okonzekela ndi munthu womuyesa. Ndalama yophunzitsila wacinyamata mmodzi kwa caka ingayesetse amisili angapo. Makhonsolo ndi makomiti a CDF ayenela kufunsa ngati malangizo a thumbali angalole zimenezi, ndipo ngati salola, aphungu a madelawa ndiwo oyenela kukankha kuti asinthidwe.

Aphunzitsi ndi anamwino

Gulu laciwili ndi la anthu amene mapepala ali nao, koma mapepalawo anatsalila m'mbuyo. Aphunzitsi ambili a ku pulaimale amene analoŵa nchito kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 anaphunzila kosi ya ZATEC, ya caka cimodzi ku koleji ndi caka cimodzi pa sukulu. Pambuyo pake makoleji a boma, kuphatikizapo Chipata College of Education, anasinthila ku dipuloma ya zaka zitatu. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi atsopano oposa 30,000, ambili a iwo a madipuloma ndi madigili. Mphunzitsi wakale amene anasunga sukulu ya kumudzi zaka makumi awili amapezeka ali pansi pa wacicepele amene iye mwini akumuonetsa nchito.

Ambili amadzikweza mwa kuphunzila ali pa nchito, kupita ku Chalimbana, ku Kwame Nkrumah kapena ku University of Zambia pa nthawi ya chuti. Funso limene limawadyela ndalama ndi lakuti adzayambila caka citi. Yunivesiti ina imakhululukila wa dipuloma maphunzilo ena, ina imamuyambitsa pafupi ndi paciyambi. Lamulo linapeleka muyeso, koma cigamulo linacisiya m'manja mwa sukulu yolandila, ndipo sukulu imapeza ndalama pa caka ciliconse cimene wophunzila akhalapo. Caka cimodzi cobwelezedwa ndi fizi, maulendo a ku Lusaka a makilomita pafupifupi 500 kucoka ku Katete, ndiponso ngongole imene imadulidwa ku malipilo.

Azaumoyo aonetsa kuti nkhaniyi ingayende bwino. Namwino amene anaphunzila kosi yakale ya zaka ziwili ali ndi njila yodziwika yofupikitsidwa yokhalila namwino wa dipuloma, moyang'anilidwa ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia. Zimenezi n'zofunika ku Katete, kumene cipatala ca St Francis caphunzitsa anamwino kwa zaka zambili. Cinsinsi cake n'cakuti bungwe limodzi linagamula pasadakhale kuti pepala lakuti lilingana ndi gawo lakuti la kosi. Wophunzila amadziwa nthawi ndi mtengo asanalipile ngwee imodzi. Aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi, monga otuluka ku Katete College of Agricultural Marketing, afunika ndandanda yoteloyo yolembedwa poyela.

Mapepala a tsidya la malile

Boma la Vubwi, limene linapatulidwa ku Chadiza mu 2012, caka comwe Sinda inakhalanso boma palokha, lili m'malile ndi Malawi ndi Mozambique. Acewa a maiko atatuwa ndi mtundu umodzi pansi pa Kalonga Gawa Undi, ndipo amakumana caka ndi caka pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Maukwati, malilo ndi malonda zimaoloka malile, ndipo ana ena amaphunzila kwa acibale tsidya lina.

Pepala la kunja liyenela kupimidwa ndi ZAQA lisanagwile nchito kuno. Pempho limapelekedwa pa intaneti ndipo limalipilidwa. La ku Mozambique, lolembedwa m'Cipwitikizi, limafunanso kumasulilidwa. Maiko a SADC anagwilizana mu 2011 za makwelelo amodzi a masitepe khumi kuti kuyelekeza mapepala kukhale kosavuta. Koma kwa wacinyamata wa kumudzi kumene netiweki ndi yosadalilika, kucita zonsezi kumafunabe ulendo wa ku tauni ndi munthu womuthandiza pa kompyuta.

Cenjezo loyenela

Otsutsa amaopa kuti kuzindikila maphunzilo akale kungatsegule khomo la cinyengo, ndipo mantha ao ali ndi maziko. Mu 2017 bungwe la Teaching Council of Zambia linapeza aphunzitsi pafupifupi 500 okhala ndi mapepala abodza. Satifiketi yopelekedwa cifukwa ca ubale kapena ciphuphu imaononga dzina la onse amene anaipeza moona. Ndiye cifukwa cake mayeso ayenela kukhala enieni: khoma limangidwe pamaso pa woyesa, injini itsegulidwe, ndipo wolephela auzidwe pamene walephela.

Cenjezo lina ndi la makolo. Makilediti amasamuka kokha ngati koleji ndi kosi yake n'zovomelezeka. TEVETA, Higher Education Authority ndi ZAQA amasunga mndandanda wa sukulu ndi makosi olembetsedwa. Banja limene lagulitsa soya kapena ng'ombe kuti lilipilile mwana liyenela kuona mndandandawo lisanapeleke ndalama. Wophunzila aliyense asunge zotulukapo za mayeso a caka ciliconse ndi ndondomeko ya zimene anaphunzila, pakuti izi n'zimene koleji yatsopano imafunsa. Mmisili asunge zithunzi za nchito zake ndi makalata a amene anawagwilila.

Zimene zatsala sizifuna lamulo latsopano. Oyesa a TEVETA angabwele ku maboma pa masiku olengezedwa pa wailesi, m'cilimwe anthu atakolola, n'kuyesela pa sukulu ya sekondale yokhala ndi zipangizo kapena pa malo amene CDF ikumanga. Mayunivesiti angasindikize poyela maphunzilo amene amakhululukila wa dipuloma iliyonse. Maofesi a maphunzilo a pa boma angakhale ndi wanchito wothandiza anthu kulembetsa ku ZAQA. Muyeso wa cipambano udzakhala ciwelengelo ca amisili a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amene adzasaina okha makontilakiti a CDF, ndi aphunzitsi amene adzamaliza digili osalipila kawili pa phunzilo limodzi.