Bodza lodziulula liposa bodza lovala chigoba

Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma sanatichenjeze kuti kalumo komweko, kakakhala m'manja mwa wojambula kanema, kamadula moyo wa anthu a m'mbali mwa nyanja ndi kuulumikizanso monga umo mlendoyo afunira.

Pamene Robert Flaherty anatulutsa kanema wa Man of Aran m'chaka cha 1934, oonera anazizwa poona bambo, mayi ndi mwana akulimbana ndi mafunde pa zilumba za Aran, kuzambwe kwa Ireland; komatu atatuwo sanali banja, anachita kusankhidwa chifukwa cha nkhope zawo, ndipo ulenje wa shaki ndi mikondo, umene unaoneka ngati ntchito yamasiku onse, unali utalekeka zaka makumi angapo, kotero kuti asodziwo anaphunzitsidwa mwatsopano luso la agogo awo, naika moyo wawo pachiswe pamafunde olusa. Kanemayo analandira mphoto ku Venice.

Zisanachitike izi, mu 1930, Jean Vigo ndi mnzake Boris Kaufman anajambula À propos de Nice, kanema wonena za Nice, mzinda wapagombe kumene olemera ankapita kukaothera dzuwa ndi kutchova juga. Vigo sanabise dzanja lake. Alendo ofika pa sitima anawasandutsa zidole zimene woyendetsa juga akuzikokolola patebulo. Wopukuta nsapato anamuonetsa akukwecha phazi lopanda nsapato. Ndipo mayi wina, ali khale pampando, zovala zake zinkasinthasintha kufikira anatsala monga anabadwira. Kodi alipo akanapusitsidwa ndi zimenezi? Munthu amaseka, nadziwa kuti aseweredwa, ndipo m'kuseka momwemo maso ake amatseguka, kuti akamaonetsedwa timakwalala ta amphawi kuseri kwa mahotela, aone chimene olemerawo sanafune kuona.

Ine ndiima ndi Vigo, ngakhale ndivomereza kuti mafunde a Flaherty ndi okongola koposa. Pakuti wonama amene aulula yekha kuti akunama sakuba kanthu, pamene wolumbira kuti zonse nzoona, atazikonza mseri, achitira mnansi wake umboni wonama.

Tsono inu achinyamata onyamula makamera kunka ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay, pekani nthano za usipa ndi chilimira monga mufunira, palibe akuletsani; koma mukauza msodzi kuti akankhenso bwato lake kachiwiri, mawu anuwo musawadule, amveke m'kanemamo.