Ndalama za atsikana a ku Zomba zinateteza chiyani?

M'zaka za 2008 ndi 2009, atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 m'madera ena a boma la Zomba ankalandira kangachepe mwezi uliwonse, makolo awonso n'kumalandira yawo. Madera olandirawo anasankhidwa mwamaere. Kwina ndalama inkabwera pokhapokha mwana akapezeka m'kalasi masiku 8 pa masiku 10 alionse, kwina inkangoperekedwa popanda lamulo. Madera ena sanalandire kalikonse, kuti pakhale poyerekezera.

Zomwe ofufuza Sarah Baird, Craig McIntosh, Berk Özler ndi anzawo anafalitsa m'magazini ya The Lancet mu 2012 zinadabwitsa ambiri. Patatha miyezi 18, atsikana a pasukulu 12 pa 1,000 alionse olandira ndalama anapezeka ndi kachilombo ka HIV, pomwe kwa osalandira anali 30. Panalibe phunziro lapadera la Edzi. Mtsikana wotha kudzigulira sopo ndi mafuta odzola sayang'anira m'thumba mwa bambo wamkulu, ndipo kafukufukuyu anaonetsadi kuti zibwenzi ndi amuna akuluakulu zinachepa.

Okayikira nawonso ali ndi mfundo yomveka. Atsikanawa sanayezedwe magazi pachiyambi, choncho n'kovuta kunena motsimikiza kuti ndani anatenga kachilombo liti.

Mkangano weniweni uli pa lamulo lija. Ndalama yokhala ndi lamulo inasunga atsikana ambiri pasukulu, ndipo Chingerezi anachikhoza bwinoko. Koma pochepetsa maukwati ndi mimba za ana achichepere, yomwe inapambana ndi ndalama yopanda lamulo. Chifukwa chake n'chomvetsa chisoni: mtsikana akasiya sukulu, lamulo linkamulanda ndalama pa nthawi yomwe chiopsezo chokwatiwa chinali chachikulu. Choncho bungwe lofuna kuteteza achinyamata liyenera kuyamba lanena poyera vuto limene likulimbana nalo, chifukwa kaperekedwe kokomera sukulu kangathe kutaya mwana amene ali pangozi kwambiri.

Ofufuzawa anachitanso chinthu chimene mabungwe ambiri amachizemba: anabwereranso patatha zaka zoposa 2 ndalama itatha. Anapeza kuti olandira popanda lamulo aja anali atafanana ndi anzawo pa maukwati, mimba ndi HIV. Phindu lokhalitsa linaoneka mwa atsikana omwe anali atasiya kale sukulu ntchitoyi isanayambe, n'kubwereranso m'kalasi chifukwa cha ndalamayo. Amenewa anaphunzira zaka zochulukirapo, anachedwerapo kukwatiwa, ndipo anali ndi ana ochepa.