ZA PAKHOMO PATHU: Mphika Ndi Umodzi

Mwezi uno tiloleni tilankhule za m'nyumba mwathu momwe, pakuti zimene zatigwera ife kuno ku Kaunda Square mwina zaima kale pakhomo panu, kungoti sizinagogode.

Lolemba lina m'nyengo ya Lenti tinaperekeza mdzukulu wathu ku kiliniki chifukwa cha chifuwa. Namwino atatha kumuona mwanayo, anatembenukira kwa ife nati, "Nanga inu atate, BP munapimitsa liti?" Tinayankha kuti ife sitidwala. Iye anangotimanga lamba pamkono, ndipo makina anaonetsa 168 pamwamba, 102 pansi. Anatiuza kuti tipume pang'ono, napimanso, koma manambala sanasinthe kwenikweni. Anatifotokozera kuti munthu wamkulu akamapezeka kawirikawiri ndi 140 pamwamba kapena 90 pansi, ndiye kuti magazi ake akuthamanga mopitirira muyeso, ndi kuti nthendayi sipweteka mpaka tsiku limene idzagwetse mwini wake. Pomwepo tinakumbukira atate athu otibereka, amene anagwa m'munda ku Katete ali ndi zaka 59, nakhala zaka zitatu mkono ndi mwendo zili zakufa, pakamwa posatha kutchula ngakhale dzina la amayi. M'mudzi anati alodzedwa. Ife tsopano tili ndi zaka 56.

Namwino anatipatsa ntchito ziwiri: kuchepetsa mchere ndi kuyenda pansi theka la ola tsiku lililonse, ndipo anati tibwerenso pakatha sabata. Malangizo amenewa si a iye yekha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti munthu wamkulu asadye mchere wopitirira magalamu 5 pa tsiku, kumene kuli ngati kasipuni kamodzi ka tiyi, ndiponso kuti azigwiritsa thupi ntchito yotulutsa thukuta mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kafukufuku amene Unduna wa za Umoyo unachita muno mu Zambia mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse ali ndi magazi othamanga. Tayang'anani benchi limene mumakhalapo pa Misa, muwerenge mitu.

Madzulo a tsikulo tinafika panyumba ngati mfumu yobwera ndi malamulo a boma. Tinalamula kuti kuyambira lero ndiwo zathu ziziphikidwa pazokha zopanda mchere, ndipo tinaonjezera mawu ena osafunika onena za dzanja lolemera la ophika. Amayi a m'nyumba mwathu anatimvetsera mpaka titatha, kenaka anati: "Bambo, ndiphike miphika iwiri? Makala ake mugula ndinu? Pano mphika ndi umodzi. Ngati mchere uchepa, uchepera tonse. Koma amene amathira mchere wina m'mbale asanalawe n'komwe si ine ayi." Adzukulu anaweramitsa mitu kubisa kuseka. Ife tinadya nsima yathu mwakachetechete.

Kuyambira Lachiwiri, amayiwo anatiphunzitsa zinthu zimene takhala tikudya zaka makumi atatu osazidziwa. Mchere wa m'nyumba sukhala m'botolo mokha. Uli mu kapenta wouma, kaya wa ku Siavonga kaya wa ku Mpulungu. Choncho anamuviika m'madzi otentha nataya madziwo kawiri asanamukazinge ndi matimati ndi anyezi. Uli mu timibulu ta supu timene timagulitsidwa pa kantemba, ndipo timeneto anatichotseratu. Uli mu soseji, mu buledi, ngakhale mu soda amene timathira mu therere, pakuti soda ndi mchere ndi pachibale, ndipo thupi limazilandira ngati chinthu chimodzi. M'malo mwake anadalira zimene amayi athu ankadalira kumudzi. Lachiwiri tinadya chibwabwa chotendera, nsinjiro zake zosinja okha. Lachitatu nyemba zophika ndi adyo, pambali pake kalembula. Lachinayi impwa ndi mazira, ndi kandimu kofinyira pamwamba. Saladi amene kale ankangopungulira mumphika tsopano anayamba kumuyeza ndi sipuni. Ufa anagula wa roller m'malo mwa breakfast, ponena kuti woyera kwambiri uja anauchotsa gaga ndi mtima wa chimanga, zimene zili zofunika m'mimba.

Tisaname, masiku awiri oyamba ndiwo zinali zozizira m'kamwa. Koma chovuta koposa chinali nsima yomwe. Ife amene tinaona zipolowe za mtengo wa ufa muno mu Lusaka mu June 1990, ndi kudya chimanga chachikasu pa chilala cha 1992, tinakula ndi mantha osiya nsima m'mbale. Kwa ife kukhuta kunali chizindikiro chakuti nyumba ili pamtendere, ndipo mimba yotsogola inali ulemu. Zaka zambiri takhala tikuphunzitsa akatekumeni za kusala kudya pa Lachitatu la Phulusa ndi pa Lachisanu Loyera, koma tinali tisanayesepo kusiya mtanda wachitatu wa nsima pa Lachinayi wamba. Mdzukulu wathu wamkulu, mnyamata wa zaka 12, anatiuza kuti umenewo ndiye mtanda wathu wa Lenti ino. Sitinamutsutse.

Za kuyenda tinayamba ndi manyazi. Munthu wa msinkhu wathu akamayenda m'mamawa wopanda chikwama, wopanda kumene akupita, anansi amafunsa ngati kwagwa zovuta. Tinkadzuka 5 koloko, kutuluka m'misewu yamatope ya Stage One, kufika pa msewu waukulu wa Great East, kulunjika cha ku Munali, ndi kubwerera mawotchi akakwana mphindi 15. Tsiku loyamba mpweya unatithera, maondo akulira ngati chitseko chakale. Tsiku lachitatu tinaona kuti sitili tokha: panali amayi awiri ovala zitenje ndi nsapato za mpira, mlonda wobwerera ku ntchito, ndi anyamata othamanga. Palibe anatiseka. Lachinayi amayi a m'nyumba mwathu anadzuka nafe osaitanidwa, nati akufuna kuona ngati timafikadi ku msewu kapena timakhala pa mwala kuseri kwa msika. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Poyenda tinakumbukira mwini dzina la dera lathu lino. Dr. Kenneth Kaunda anasiya kudya nyama m'zaka za m'ma 1950, pamene anthu akuda ankagulitsidwa nyama kudzera pa kazenera ka kumbali kwa butchala, ndipo sanabwererenso ku nyamayo ufulu utabwera. Ambiri a ife tinamuona pa kanema mu December 2013 ku Qunu, pa maliro a Nelson Mandela, akupita ku nsanja chothamanga ali ndi zaka 89. Anamwalira pa 17 June 2021 ali ndi zaka 97. Sitikunena kuti aliyense wosiya nyama adzafika pamenepo, pakuti masiku a munthu sawerengedwa ndi mphika wokha. Tikungonena kuti ife okhala m'dera lotchedwa dzina lake tinatengako nyimbo zake ndi mpango wake woyera m'maganizo, koma kudziletsa kwake tinakusiya.

Tinkadandaula kuti nthawi yoyenda tiipeza kuti, popeza tili ndi maphunziro a katekisimu, misonkhano ya mphakati ndi maliro. Yankho tinalipeza pabalaza pathu. Lachitatu tinaganiza zowerenga maola amene kanema amakhala woyaka. Anayatsidwa 5 koloko madzulo ana atangoweruka, nazimitsidwa 10 koloko usiku: maola 5 pa tsiku, 35 pa sabata. Kuyenda konse kumene madokotala amapempha pa sabata lathunthu ndi maola awiri ndi theka. Kale tili anyamata panali ZNBC yokha, imene inkatsegula madzulo ndi kutseka usiku ndi nyimbo ya fuko, choncho kanema ankadzimalizira yekha. Lero matchanelo satha, sewero la ku India likangotha la ku Philippines layamba, ndipo tinazindikira kuti takhala tikudya maso ali pa galasi, osadziwa kuti tameza mitanda ingati, osafunsa ngakhale mwana kuti kusukulu kunali bwanji.

Sitikudana naye kanema. Ndi iye amene anatisonkhanitsa khamu lonse m'nyumba imodzi usiku wa pa 12 February 2012, pamene Chipolopolo inatenga chikho cha Africa ku Libreville, kufupi ndi nyanja imene inameza anyamata athu mu April 1993. Amatibweretsera nkhani, ndipo odwala amene sangathe kufika ku tchalitchi amatsatirapo Misa. Koma ndi mlendo wosadziwa kutsazika. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 21 pa tsiku. Tinalira chifukwa cha malonda amene anaonongeka, komabe m'mdima umenewo mabanja ambiri anayambanso kucheza. Phunzirolo timaliiwala nthawi iliyonse babu likayaka. Choncho tinapangana, ndipo ulendo uno tinayamba tafunsa amayi: nkhani za 7 koloko tizionera, sewero limodzi limene iwo asankhe lizikhalapo, mpira wa Loweruka ukhale wa anyamata, koma pa nthawi ya chakudya kanema azikhala wozima.

Ola limene linatsala tinalipereka kwa buku. M'bokosi la pansi pa bedi tinapezamo The Tongue of the Dumb, lolembedwa ndi Dominic Mulaisho ndi kusindikizidwa mu 1971. Mlembiyo anabadwa mu 1933 ku Feira, kumene lero timati Luangwa, ndipo pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Bank of Zambia kuyambira 1992 mpaka 1995. Nkhani yake ndi yopeka, koma anaiika pakati pa Ansenga m'zaka za m'ma 1940, dziko lino likali Northern Rhodesia. Muli mfumu Mpona, muli nduna yake Lubinda wosirira ufumu, muli mayi Natombi ndi mwana wosalankhula Mwape, ndiponso muli ansembe a pa mishoni. Popeza bukulo ndi la Chingerezi, tinkawerenga ndime imodzi ndi kuimasulira m'Chinyanja kuti aang'ono amve, ndipo pamene tasowa liwu amayi ankatithandiza.

Usiku wachiwiri mdzukulu uja anafunsa, "Ambuya, kodi zimenezi zinachitikadi?" Tinamuyankha kuti Mpona ndi Lubinda sadzawapeza m'buku la mbiri la kusukulu, koma mishoni za m'chigwa chimenecho, monga Katondwe, zilipo mpaka lero, ndipo njala, msonkho ndi kunenezana ufiti anthu anaziona ndi maso. Buku la mbiri limatiuza chaka chimene chinthu chinachitika. Nthano yotere imatilowetsa m'nyumba ya munthu amene chinamuchitikira, kuti timve mmene mtima wake unkagundira. Pamenepo tinapeza khomo louzira ana za agogo awo a ku Katete, ndi za mayi wina wamasiye amene anathamangitsidwa m'mudzi pomuganizira kuti ndiye anawalodza. Lero tikudziwa kuti mfiti yake inali m'mitsempha yawo momwe, yomweyi imene namwino waipeza mwa ife. Nkhani imeneyi tinali tisanaiuzepo ngakhale ana athu obereka.

Bukulo silinatisiye ifenso osatikhudza. Ansembe ake si a mtima umodzi: wina ndi waukali, wofuna kugwetsa miyambo ya anthu tsiku limodzi, wina ndi wodekha, wodziwa kumvetsera. Pamene tinali kumasulira za waukali uja, amayi anakweza maso pa nsalu imene anali kusoka, natiyang'ana osanena kanthu. Tinamva. Lolemba lija tinali titalowa m'khitchini mwa munthu amene watiphikira zaka makumi atatu ngati tikulowa m'mudzi wa anthu osadziwa kanthu. Zimene tinanena zinali zoona, koma kanenedwe kake kanali kolakwa. Lachisanu, pobwerera ku Njira ya Mtanda, tinawapepesa panjira. Anayankha kuti amva, ndi kuti madzulo kuli therere lopanda soda, tisadandaule likatuluka lolimba.

Lolemba lotsatira tinabwerera ku kiliniki tili ndi chiyembekezo chakuti atiyamikira ndi kutimasula. Makina anaonetsa 158 pamwamba, 96 pansi. Namwino anati tayamba bwino, koma sabata limodzi silingafafanize zaka makumi atatu, ndipo dokotala anatilembera mapiritsi omwa m'mawa uliwonse. Anatichenjeza kuti tisadzawasiye tikadzamva bwino, pakuti ambiri amene amabwera atagwa ndi amene anasiya mankhwala podziona ngati achira. Tinapempha kuti awapimenso amayi. Awo anali 134 pamwamba, 84 pansi, ndipo sanaleke kutikumbutsa za manambala amenewa njira yonse.

Tsono abale, pempho lathu ndi laling'ono. Mwezi uno kapimitseni, ndipo mupite ndi akunyumba kwanu. Sikutenga mphindi zisanu. Mukapezeka nayo nthendayi musadziphikire mphika wanuwanu, pakuti ana amene akudya mchere wanu lero ndiwo odwala a mawa. Werengani maola a kanema wanu kwa tsiku limodzi lokha, muone ngati simungabwezeko limodzi. Ndipo ngati muli ndi buku lakale m'bokosi, litulutseni njenjete zisanalimalize. Atsogoleri a miphakati angathe kupempha anamwino amene tili nawo mu mpingo kuti tsiku lina Misa itatha abwere ndi makina awo pansi pa mtengo.

Ife buku lathu tili nalo pakati. Adzukulu atiletsa kusuzumira kumapeto iwo ali kusukulu, ndipo aika udzu pa tsamba kuti adziwe ngati taba. Za Mwape tidzakuuzani tikafika. Mpaka mwezi wamawa, tsalani ndi mtendere.